Manambala Obwerera M'mbuyo pa Msewu wa Matope

Adokotala sanachulukitse mawu. Anandiitanira pakhonde la wodi n'kundiuza kuti, "Mayi, bambo anuwa pitani nawo kunyumba, mukawasamalire kumeneko." Aliyense amene anadwazikapo amadziwa tanthauzo la mawu amenewa. Ine ndinkaganiza zopita nawo kwanga ku Ndirande, kumene ndinkasoka zovala pakhonde. Koma bambo, amene ndinkayesa kuti ali m'tulo, anali atamva zonse.

"Nangozo," anatero nditabwerera pabedi, "kwathu ndi ku Biriwiri. Ndikufuna ndikatsirizike ndikumva ng'ombe zanga zikulira m'khola. Usandifetse m'tauni ngati munthu wopanda kwawo."

Ndinawalonjeza ndisanaganize n'komwe kuti tiyenda bwanji. Ine ndi mmene ndilili, pakamwa pamatsogola, nzeru zimabwera pambuyo zikupuma wefuwefu. Zinali zaka zija petulo ankasowa, magalimoto akugona pamzere kumafilingi. Basi yodzera ku Zomba inkadzaza mpaka pakhomo, ndipo munthu wosatha kukhala tsonga sakanaipirira tsiku lonse.

Amene anandipulumutsa ndi Che Amidu, mwini sitolo wa pa Manjawira, amene ankagula madiresi anga n'kumakagulitsa kwawo. Anali m'tauni sabata imeneyo kudzagula katundu pa pikapu yawo yakale. Nditawafotokozera, anakanda ndevu kwa nthawi, kenako anati, "Petulo ndinathira kuchiyambi kwa sabata, ndipo ndazungulira naye m'magolosale mpaka Limbe yense ndamumaliza. Koma tikadzera njira yachidule ya ku Matope, Mulungu akalola, tikafika. Munthu wamkulu sangapemphe kwawo ife n'kumukaniza."

Tinanyamuka m'mawa dzuwa lisanatenthe. Bambo tinawakhazika kutsogolo, pakati pa Che Amidu ndi ine, titawafunditsa bulangeti kuyambira m'khosi mpaka kumapazi, chifukwa ankamva kuzizira ngakhale kunja kunali kotentha. Katundu wawo yense anapita kumbuyo kupatula chibonga. Chimenecho anachikana. Anabwera nacho kuchipatala, ankagona nacho pabedi, ndipo manesi anatopa n'kuwasiya. Lamulo lawo, limene ankati analandira kwa atate awo, linali lakuti chibonga cha mwamuna wachingoni sichigonekedwa pansi ndipo mkazi sachidumpha. Choncho anachifumbata pamtima, mkati mwa bulangeti.

Kumbuyo, pamwamba pa makatoni a sopo ndi matumba a mchere, kunakwera mayi wina dzina lake Nambewe, mlimi wa mpunga wa kudambo la Bwanje, amene anabwera kudzagulitsa mpunga m'tauni. Anali ndi masaka opanda kanthu, kathumba kamodzi ka mpunga wotsala, ndi pakamwa posatopa. Tisanafike ndi pa Lunzu pomwe anali atatiuza kale, kudzera pazenera, mayina a apongozi ake onse ndi zolakwa zawo.

Galimoto ya Che Amidu inali ndi matenda ake akale. Muvi wosonyeza kuchuluka kwa petulo unafa kalekale, unkangogona pansi ngakhale thanki itadzaza. Chimene iwo ankadalira ndi timanambala tating'ono tokhala m'munsi mwa wotchi ya liwiro, towerenga mamailosi a ulendo. Akathira petulo, ankapisa dzanja kunsi kwa dashibodi, kumanzere kwa chiwongolero, n'kukokera pansi kachitsulo kena kooneka ngati chala cha mwana, n'kukapotokola mpaka manambala onse atabwerera pa ziro. Kuyambira pamenepo manambalawo ankakwera okha, ndipo iwo ankadziwa kuti akafika pakutipakuti, thanki yauma. Manambala aakulu a pamwamba sankawayang'ana n'komwe. Ankati amenewo amangowakumbutsa kuti galimoto yakalamba.

Titadutsa pa Lirangwe, pamene tala ankathera, Che Amidu anagogoda galasi la wotchiyo ndi chala. "Taonani apa, mayi. Tili bwino. Ku Ntcheu tifika, ndipo tikayenda mwaulemu, ku Biriwiri komwe tikhoza kukakhudza."

Kenako fumbi linayamba. Msewu wa Matope masiku amenewo unali wamakwinya okhaokha, moti mano ankagundana m'kamwa. Chilichonse m'galimotomo chinkalira: zitseko, magalasi, makatoni, ndi china chake chimene chinkangoti gu, gu chakumapazi kwathu tikagunda bampu lalikulu. Ine ndinali nditagwira mutu wa bambo paphewa langa, ndikumva mpweya wawo ukutuluka movutikira. Ndinkawanyowetsa milomo ndi kansalu.

Pa mlatho wa Matope tinapeza anyamata a chipani atatchinga msewu ndi mtengo. Ankafuna makadi a chipanicho. Langa ndi la Che Amidu anali pafupi. Mmodzi anasuzumira, n'kuona nkhope ya bambo, ndipo sanafunsenso kanthu za iwo. Koma Nambewe khadi lake anali atalimangirira pamfundo ya chitenje chamkati, mfundoyo ili mkati mwa mfundo ina, ndipo anakana kumasula amuna akumuyang'ana. Anawalamula onse kuti atembenuke ayang'ane kumtsinje. Anyamata aja, ndi ukali wawo wonse, anatembenukadi. Tsiku lina ndikanaseka mpaka misozi, koma tsiku limenelo ndinkangoona dzuwa likukwera.

Tinali titayenda ndithu kutsidya kwa Shire, m'dziko la milambe ndi minga, pamene ndinaona Che Amidu akuyang'ana wotchi ija kawirikawiri. Anaipukuta ndi chipewa chawo. Anaigogoda. Kenako anachepetsa liwiro.

"Mayi, inu maso anu ndi a singano. Tandiwerengerani apa."

Ndinawerenga.

"Ndiye kuti sindikulota," anatero. "Pa Lirangwe paja manambalawa anali ochuluka kuposa apa. Galimoto ikupita kutsogolo, manambala akubwerera m'mbuyo."

Ndinawayang'anitsitsa. Pamalo osalala ankakwera bwinobwino. Tikagunda bampu, ankanjenjemera, ena n'kutsetsereka, ena n'kuima pakati, theka nambala iyi theka inayo. Che Amidu anayendetsabe choncho mpaka tinafika pa Manjawira, dzuwa lili paliwombo.

Anaimitsa galimoto pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa sitolo yawo. Akazi awo, Abiti Yusufu, anayala mphasa pamthunzi, ndipo amuna awiri a pamsika anabwera kudzathandiza kutsitsa wodwala. Asanawanyamule, bambo anati, "Tadikirani," n'kuyamba kufufuza mkati mwa bulangeti chakumawondo. Ine ndinayesa kuti akukonza buluku, ndipo monga mwana wamkazi ndinayang'ana kumbali. Anawagoneka pamphasa, chibonga chili pambali pawo atachitsamiritsa kumtengo. Nambewe, osafunsa munthu, anapempha moto kwa Abiti n'kuyamba kuphika phala la mpunga wake wotsala uja.

Che Amidu anandiitanira pakhonde la sitolo. Anayankhula motsitsa mawu.

"Mayi, ndikuuzeni zoona. Ngati chinthuchi chayamba kunama lero, palibe vuto, chifukwa nambala ya pa Lirangwe ndikuikumbuka, ndipo msewu uwu ndimaudziwa ngati khonde langa. Koma ngati chakhala chikunama sabata yonse m'tauni muja ine osadziwa, ndiye kuti nambala ya pa Lirangwe inalinso yabodza. Mwina m'thankimo mwatsala kapu imodzi. Tikachoka pano n'kukathera pachitunda, padzuwa, popanda nyumba kapena madzi, bambowa atisiya pamsewu. Pano pali mthunzi. Mawa nditumiza munthu panjinga ku Balaka akafufuze petulo."

"Akakamupeza?"

"Mwina mawa, mwina mkuja."

Ndinayang'ana kumphasa. Chifuwa cha bambo chinkakwera ndi kutsika ngati cha nkhuku yothamangitsidwa. Mawa anali mawu aakulu kwambiri kwa munthu ameneyo. Mantha anandigwira, ndipo ine mantha akandigwira amasanduka makani.

"Che Amidu, ndiye tipeze kuti chayamba liti kunama. Makina anga osokera akayamba kudumpha ulusi sindidikira mawa. Ndimawatsegula."

Poyamba Che Amidu anayesa njira zachidule. Anapisa kamtengo m'thanki, koma khosi la thankiyo linali lokhota, kamtengo kanatuluka kouma osafika pansi. Amuna a pamsika anayamba kugogoda thanki ndi zibakera n'kumamvetsera. Wina anati ikumveka yodzaza theka, wina anati mulibe kanthu, wachitatu anati zimatengera kumene wagogoda. Ndinawathokoza onse mwaulemu umene unali pafupi kutha, n'kufunsa ngati pamalopo pali munthu wodziwa zitsulo.

Anabwera a Zakeyu a kuchigayo, oyera ufa kuyambira kutsitsi mpaka kunsidze, atanyamula masipanala m'chitini. Anamvetsera nkhani yonse osadula mawu.

"Muvi wa liwiro ukuyenda?" anafunsa.

"Ukuyenda bwinobwino," anatero Che Amidu.

"Ndiye kebulo yochokera kugiya ilibe mlandu. Ikanaduka, muvi ndi manambala zikanafera limodzi. Manambala aakulu apamwambawa?"

Ine ndinali nditawaona akusuntha m'njira, ndipo ndinanena.

"Ndiye mano a mkati akugwira. Chatsala n'chimodzi. Manambala aang'onowa sabwerera m'mbuyo okha, pali chimene chimawabweza." Anagona chagada pansi pa chiwongolero, miyendo ili kunja, n'kugwira kachitsulo kaja. "Aka. Kakuyenera kumati ukakakoka n'kukasiya, kabwerere m'mwamba kokha. Taonani, kakubwerera mwaulesi."

Anamasula wotchi yonse. Abiti anabweretsa mbale yadothi yoikamo timasikuluwu kuti tisasowe m'fumbi. Nthawi ya swala itakwana, Che Amidu anatawasa, kusamba kwa mapemphero kuja, n'kupita kumzikiti, ndipo ine ndinatsala nditagwira wotchi ya galimoto ya eni ake pamiyendo, mawaya ali lendelende, a Zakeyu akuuzira fumbi ndi pakamwa. Sindinaonepo nthawi ikuyenda pang'onopang'ono ngati masana amenewo. Mbuzi inabwera kudzanunkhiza mbale ya masikuluwu. Nambewe anakwanitsa kuwamwetsa bambo masipuni angapo a phala, akuwakalipira ngati mwana, iwo n'kumamvera. Mthunzi wa mango unasuntha, tinakoka mphasa kuutsatira.

Mkati mwa wotchimo munalibe chothyoka. Mano onse anali athunthu. Kasipuling'i kobweza kachitsulo kaja ndi kamene kanali kotamuka pang'ono.

"Katopa," anatero a Zakeyu Che Amidu atabwerera.

"Katopa liti?" ndinafunsa.

A Zakeyu anatambasula manja. "Mayi, chitsulo sichinena tsiku."

Anakapinda pang'ono kuti kalimbe, n'kubwezeretsa zonse. Tinagwirizana kuti tiyese. Katundu wa sitolo anali atatsitsidwa kale. Ndinakwera ine ndi a Zakeyu, Che Amidu akuyendetsa, ndipo tinalowa kanjira koipa ka kuseri kwa msika, kamaenje okhaokha. Petulo amene tinkawotcha pamenepo ankandiwawa ngati magazi anga. Manambala anakwera mwaulemu, osatsetsereka ngakhale kamodzi. A Zakeyu anakoka kachitsulo, kanabwerera. Anamenya dashibodi ndi chikhatho, manambala ali phee.

Che Amidu sanakondwe kwenikweni. Anati kuchira kwa chinthucho sikukutiuza kuti chinadwala liti. Koma ine ndinawaumiriza, ndinawachonderera, ndinawakumbutsa mawu awo omwe a m'tauni aja, mpaka anavomera monyinyirika kuti tiyende. Tinawakweza bambo, kuwafunditsa, Nambewe anakwera kumbuyo, Abiti anatipatsa botolo la madzi.

Sitinapite patali. Nyumba zomaliza za pa Manjawira zikuonekabe kumbuyo, tinagunda bampu, ndipo manambala aja anatsetsereka ine ndikuona ndi maso angawa. Che Amidu anaponda buleki n'kuzimitsa injini.

Manja awo anali akadali pachiwongolero. Kenako anayankhula osandiyang'ana. "Mayi, musandimve molakwa. Popanda bambowa chinthuchi chikuyenda. Akakwera, chikubwerera m'mbuyo. Pali zinthu zina zimene si zachitsulo. Mwina akwawo sakufuna kuti adzere njira ino. Tibwerere."

Ndinawatembenukira. "Che Amidu, mizimu ya kwathu imadziwa ng'ombe ndi mowa wamasese. Manambala a galimoto inakaphunzira kuti? Lizani injini."

"Mayi..."

"Lizani, muyende pang'onopang'ono, mulunjike bampu ilo. Ndikufuna ndimve."

Panali chinthu chimene chinkandivuta m'mutu. Telala amadziwa makina ake ndi khutu, ndipo khutu langa linali litagwira kanthu. Poyesa paja, kuseri kwa msika, zitseko zinalira, magalasi analira, koma kugunda kuja kwa gu, gu kwa chakumapazi kunalibe. Tsopano kunali kutabwerera.

Che Amidu analiza galimoto, mwina chifukwa choopa nkhope yanga. Tinakwera bampu. Gu. Manambala anagwedezeka. Tinakwera lina. Gu. Anatsetsereka. Phokosolo linkachokera pansi pa bulangeti, pafupi ndi bondo lamanja la bambo.

Mwana wamkazi wa kwathu savundukula chofunda cha atate ake. Ngakhale kuchipatala, ntchito imeneyo ankagwira ndi bambo wina wodwazika pabedi loyandikana.

"Bambo, pepani. Ndikweza bulangetili pang'ono chakumawondo."

Anatseka maso.

Ndinakweza. Chibonga chinali chikulendewera kunsi kwa dashibodi. Kachingwe kake kachikopa kanali katakoledwa pa kachitsulo kaja, kolimba bwino, mfundo ya munthu wodziwa kumanga ng'ombe. Kulemera kwa mutu wa chibongacho kunkakokera kachitsuloko pansi, ndipo tikagunda bampu chibonga chinkagwedezeka, n'kugunda chitsulo cha pansi, n'kupotokola kachitsuloko pang'onopang'ono, monga momwe dzanja la Che Amidu linkachitira akathira petulo.

Che Amidu anawerama n'kuyang'ana. Anayamba kuseka, kuseka kwa munthu amene mtolo wamutsika, koma ataona nkhope ya bambo anasiya.

"Bambo," ndinatero, "munachikoleka liti apa?"

Atayankhula, mawu awo anali aang'ono, a manyazi.

"Pamene tala anathera paja. Mabampu atayamba." Anapuma. "Manja anakana, Nangozo. Chinkandipulumuka. Ndinaona kuti chigwera pansi, pamapazi pako. Ndinapapasa, ndinapeza kamsomali aka."

Awa ndi manja amene ankagwira ng'ombe yamphongo panyanga n'kuigwetsa. Ndinakulira ndikuwaopa manja amenewo. Ndinayang'ana pazenera kuti asaone maso anga, ndipo ndinamva chisoni chimene sindinachimve ngakhale pamene adokotala ankandiyankhula pakhonde paja.

"Musanafike pa Lirangwe simunachikolekepo?" anafunsa Che Amidu mofatsa. "M'tauni muja ayi?"

"Ndinali nditachigwira ndekha."

"Ndiye kuti nambala ya pa Lirangwe inali yoona." Che Amidu anatseka maso, milomo ikuyenda, akuphatikiza mtunda wa msewu umene anauyenda zaka zambiri. "Ku Ntcheu tifika. Ku Biriwiri, tikapanda kupeza petulo wina paboma, tikafika ndi fungo lake lokha."

Ndinamasula mfundo ija. Kachitsulo kanabwerera m'mwamba kokha. Ndinatsala nditanyamula chibonga m'manja, osadziwa pochiika.

"Gwira iweyo," anatero bambo. "Usachigoneke pansi."

Ndinachigwira choimika, ndi manja awiri, ulendo wonse wotsalawo.

Che Amidu anabweza manambala pa ziro kuti tiyambe kuwerenga mwatsopano, ndipo kuchokera pamenepo anayendetsa ngati munthu wonyamula mazira. Potsetsereka paliponse ankazimitsa injini, galimoto n'kumatsika yokha mwakachetechete, tikungomva matayala. Pa mphambano ya ku Balaka, pamene tinakumananso ndi tala, Nambewe anatsika. Anabwera pazenera n'kugwira dzanja la bambo. "Agogo, mukafike. Mukapanda kufika mundidziwa." Bambo anamwetulira koyamba tsiku limenelo.

Tinakwera zitunda za ku Nsipe dzuwa litapendeka. Manambala ankakwera mokhulupirika, ndipo tsopano vuto linali lakuti ankanena zoona. Aliyense wowonjezereka anali petulo wochoka.

Paboma la Ntcheu filingi inali youma. Mapaipi anali atawamangirira ndi chingwe, ndipo madalaivala a magalimoto oima pamzere ankasewera bawo pansi pa mtengo. Che Amidu anatsika, anazungulira, anayankhula ndi uyu ndi uyo, ngakhale ndi anzawo a masitolo. Palibe anali ndi dontho logawira mnzake. Anabwerera akupukuta thukuta m'khosi.

Apa ndi pamene ndinazindikira chimene ndinkawapempha. Akapitirira, galimoto yawo sikanabwerera ku Manjawira. Ikanakagona kumapiri, kutali ndi sitolo, mpaka tsiku losadziwika. Makani anga anathera pomwepo.

"Che Amidu, mwachita zambiri. Mwina pano tipeze ngolo."

"Ngolo ikafika mawa," anatero akutseka chitseko. "Mwandivutitsa tsiku lonse kuti mawa ayi, ndiye muyambe tsopano kundiuza za mawa? Galimoto ikagona pathengo siimva kuzizira. Gwirani bambo."

Tinakwera chitunda chotuluka m'boma, mphepo yozizira ya kwathu inayamba kulowa pazenera. Pa Biriwiri amayi anali atayala kabichi ndi mbatata ya kachewere m'mbali mwa msewu, kumanzere kuli malire ndi dziko la eni ake, kumanja kwathu. Bambo ananunkhiza mpweya, n'kutsegula maso pang'ono. Tinakhotera kumanja, m'kanjira kafumbi kolowera kumudzi.

Injini inatsokomola koyamba titadutsa madimba. Che Amidu anaigwedeza galimoto uku ndi uku kuti madontho otsala atsikire kupaipi. Inayendanso pang'ono. Inatsokomola kachiwiri potsikira kukamtsinje, tinawoloka ndi liwiro la kutsetsereka, ndipo kutsidya, pamene chitunda chomaliza chimayambira, inazima. Che Amidu anayesa kiyi kangapo. Kenako anachotsa manja pachiwongolero.

Mudzi wathu unali kuseri kwa chitundacho. Utsi wake unkaoneka. Bambo anali atatsamira, pakamwa pali pululu, mpweya ukubwera patalipatali. Kuwabereka sikukanatheka, mafupa awo ankawawa ngakhale kuwakhudza chabe.

Ndinavula nsapato. Ndinawasiya m'manja mwa Che Amidu n'kuthamanga chitunda chimenecho, mayi wamkulu wa ana anayi, chitenje chili m'manja. Ndinafika pabwalo ndikulephera kutulutsa mawu. Mlongo wanga Filipo anali akulowetsa ng'ombe m'khola.

"Achemwali! Mwabwera bwanji? Bambo ali kuti?"

"Kumtsinje. Ali moyo. Tenga goli ndi tcheni."

Filipo sanafunsenso. Anatulutsa ng'ombe ziwiri zapangolo, Bantomu ndi Jeremani, anazimanga goli mothamanga, ndipo tinatsika nazo, anthu a m'mudzi akutitsatira. Amayi ena anali atayamba kale kulira, ndinawakalipira kuti asiye, munthu sanafe. Filipo anagwada kutsogolo kwa galimoto n'kukoleka tcheni. Anakuwa, anakweza chikoti. Ng'ombe zinakoka mokhotakhota, ina uku ina uko, galimoto inangogwedezeka osasuntha. Anayesanso, zomwezo.

Ndinali nditabwerera pampando wanga, nditagwira mutu wa bambo. Ndinamva akusuntha. Maso awo anali otseguka, akuyang'ana kupyola galasi lafumbi lija, pamisana iwiri ya ng'ombe.

"Ndani wamanga ng'ombezi?" Mawu anali otsika koma anali awo enieni, aja tinkawathawa tili ana.

"Ndi Filipo, bambo."

"Muuze Bantomu sakokera kumanzere. Chibadwire. Asinthe."

Ndinatulutsa mutu pazenera, misozi ikutsika, n'kukuwa uthengawo mmene unalili. Filipo anaima kukamwa kuli yasa, kenako anagwetsa chikoti n'kuyamba kumasula goli. Anasintha ng'ombe zija, Bantomu kumanja, Jeremani kumanzere. Che Amidu anachotsa giya n'kugwira chiwongolero.

"Tsitsa galasi lonse," anatero bambo.

Ndinatsitsa. Anasonkhanitsa milomo kuti aimbe likhweru limene ankaziitanira m'mawa uliwonse. Likhweru silinatuluke, unangotuluka mpweya. Koma Bantomu anatembenuza khutu, anaweramitsa mutu, tcheni linakungika, ndipo galimoto inayamba kukwera.

Pikapu ya Che Amidu inakhala pabwalo pathu mpaka petulo atapezeka paboma, nkhuku zikugona pansi pake, eni ake atabwerera ku Manjawira pa lole ya kabichi. Bambo tinawayalira m'nyumba yoyang'anana ndi khola, chitseko chosatseka. Anamwalira sabata yomweyo, m'mamawa, ng'ombe zikulirira kuti azitsekulire.